Ndege imachedwera pansi

Ikamakwana 8 koloko usiku mumzinda wa Addis Ababa, munthu amene waima pawindo la bwalo la ndege la Bole amaona nyali zitandanda kumwamba, ina kumbuyo kwa inzake, zonse zikutsetserekera malo amodzi. Ndi ndege zimenezo. Ina yachokera ku Lagos, ina ku Kinshasa, ina ku Lusaka, ina ku Johannesburg, ndipo penapake mumzerewo muli ija inanyamuka masana ku Lilongwe. M'maola awiri kapena atatu okha, anthu masauzande amakhala atakhuthulidwira m'nyumba imodzi: amayi a geni opita kukaoda katundu ku Guangzhou, odwala opita kuchipatala ku India, ophunzira obwerera kusukulu ku Britain, ansembe, asilikali, akuluakulu a boma atakoleka majekete paphewa. Pofika 11 koloko onsewa ayamba kuitanidwa kuti akwere ndege zina. Tambala woyamba asanalire, m'nyumba muja muli zii, otsala ndi okolopa okha.

Kukacha zimachitikanso, koma mobwerera. Ndege zochokera ku Ulaya, ku Asia ndi ku America zimatera m'bandakucha, ndipo dzuwa likamakwera anthu aja amamwazikira m'mizinda ya mu Africa. Yobwera ku Malawi imanyamuka cha m'ma 10 koloko m'mawa.

Wapaulendo amangodziwa dzina lolembedwa pamchira wa ndege. Akachedwa amanyoza dzina limenelo, chikwama chikasowa amakalilira kwa dzina lomwelo. Komatu kupatula nyengo ikavuta, ndege sichedwera mumlengalenga. Ikanyamuka pa nthawi yake, kawirikawiri imafikanso pa nthawi yake. Imachedwera pansi, pamalo pamene mwini ndege alibe ulamuliro wonse: msewu woterapo ndi wa ena, masitepe ndi a ena, mafuta ndi a ena, wodinda pasipoti ndi wa boma. Mbiri ya mmene Ethiopian Airlines inakulira mpaka kuposa makampani onse a ndege mu Africa yagona kwambiri pa zimene zimachitika pansipo.

Bwalo lomangira ndege zomwe zinali m'njira

Kampaniyi inakhazikitsidwa mu Disembala 1945 mothandizidwa ndi kampani ya ku America ya TWA, ndipo ulendo wake woyamba wopita kunja unali wa ku Cairo pa 8 Epulo 1946. Inayamba ndi ndege zotsala pankhondo yachiwiri ya dziko lonse, zikunyamukira pabwalo lakale la Lideta. Nyengo ya majeti itafika, akuluakulu a kampaniyi anaoda ndege za Boeing 720B. Apa m'pamene panabuka vuto: msewu wa ku Lideta unali waufupi, jeti singateremo. Boma la Mfumu Haile Selassie linamanga bwalo latsopano ku Bole, ndipo majeti aja atafika mu Disembala 1962 anapeza potera.

Ndondomeko yakeyo ndi yofunika kuisunga m'mutu, chifukwa maiko ambiri amaitembenuza. Ku Ethiopia ndege ndi zimene zinayamba kudziwika, mtundu wake, kulemera kwake ndi kumene zizipita, kenako bwalo linamangidwa mozitengera muyezo. Sanamange bwalo n'kuyamba kufunafuna woti azidzateramo.

Chimene kampaniyi inazindikira msanga n'chakuti Addis Ababa payekha sangadzaze ndege zikuluzikulu. Ku Wenela kapena m'depoti ya ku Lilongwe minibasi imadikira mpaka idzadze, wofulumira n'kumangolira chamumtima pampando wakumbuyo. Ndege singatero, ili ndi nthawi yake yonyamukira, idzaze isadzaze. Tsono anthu ochoka ku Lilongwe kupita ku Mumbai pa tsiku limodzi sangadzaze ngakhale mizere isanu ya mipando. A ku Lusaka okha sangadzazenso, a ku Lubumbashi chimodzimodzi. Koma mukawasonkhanitsa onse pamalo amodzi, pa ola limodzi, ndege ya anthu 300 imadzaza. Mphambano ya ndege imagwira ntchito motero, ndipo n'chifukwa chake ndege za ku Bole zimafika mothinana ndi kunyamukanso mothinana.

Kwa kampani ya ndege, kuthinanako ndi phindu. Kwa woyendetsa bwalo, ndi mutu waching'alang'ala. Afunika malo oimikapo ndege makumimakumi nthawi imodzi, mabasi onyamula anthu, makina ounikira zikwama, alonda, okolopa m'zimbudzi, onsewo kwa maola atatu kapena anayi, kenako n'kukhala manja lende mpaka madzulo. Bwalo lofuna kuti ligwiritse bwino ntchito chuma chake lingakonde ndege zizibwera mwapang'onopang'ono tsiku lonse. Kampani ya ndege ikufuna zosiyana ndi zimenezo. Awiriwa akapanda kukhalirana pansi, wovutika ndi mayi uja wopita ku Guangzhou, amene ali ndi ola limodzi lokha loti atsike, aunikidwenso, apeze chipata chake, komanso chikwama chake chimutsatire popanda iye kuchiona.

Ola limodzi ku Lumbadzi

Piringupiringu wa ku Bole amayambira kutali, ndipo gawo lina limayambira pabwalo la Kamuzu ku Lumbadzi dzuwa lili paliwombo. Aliyense amene anaperekezapo m'bale wake n'kukhala pamalo oonera ndege anaziona izi, ngakhale mwina sanazilabadire.

Ndege ikangokhota kuchoka pamsewu woterapo, munthu wovala jekete yowala amaima patsogolo pake, timitengo tiwiri m'manja, n'kumaikodola mpaka ifike pamzere. Akapingasa timitengoto pamwamba pa mutu, woyendetsa amaponda mabuleki. Injini zikazima, anyamata amathamangira kukaika zigwiriro kumatayala. Masitepe amakankhidwira pakhomo. Kumimba kwa ndege zitseko zimatseguka, lamba amayamba kutsitsa masutikesi, ndipo thirakita yaing'ono imakoka ngolo zake kupita nazo m'nyumba. Mbali inayo galimoto ya mafuta yafika kale, ndipo payipi isanalumikizidwe amayamba amangirira kawaya kundegeyo kuti pasathetheke moto. Okwera akangotha kutsika, osesa amalowa ndi matumba awo, a zakudya akukweza mabokosi kukhomo lakumbuyo, wina akupopa zam'chimbudzi, ndipo mmodzi mwa oyendetsa akuzungulira ndege wapansi, kuyang'ana matayala, mapiko ndi m'kamwa mwa injini ngati simunalowe mbalame.

Pali kapepala kamodzi komwe wapaulendo sakaona, koma ndege singasunthe popanda iko. Kamanena kuti mwakwera anthu angati, akhala mizere iti, katundu walemera bwanji ndipo waikidwa chipinda chiti, mafuta athiridwa ochuluka motani. Kaputeni akapanda kukasainira, chitseko sichitsekedwa. Ndipo ngati munthu wina anapereka chikwama koma iye sanakwere, mwina wakodwa kwa a imigireshoni kapena watanganidwa ndi botolo kubala, anyamata aja ayenera kulowanso kumimba kwa ndege kukachisaka chikwamacho pakati pa zinzake mazana, chifukwa malamulo a chitetezo salola kuti chingopita chokha. Mphindi makumi awiri zimatha choncho.

Tawerengani mabwana amene ali pa ola limeneli. Nyumba za bwalo zili m'manja mwa Airport Developments Limited. Masitepe ndi katundu ndi ntchito ya kampani yothandizira ndege pansi monga Lihaco. Kunsanja kuli owongolera ndege. Pali ozimitsa moto, apolisi, a imigireshoni, a MRA, a zaumoyo, ogulitsa mafuta, ophika zakudya. Aliyense ali ndi bwana wake, bajeti yake ndi mavuto ake a malipiro. Mmodzi yekha akatsalira, ndege imanyamuka mochedwa, imakafika ku Addis Ababa anzake atayamba kale kukweza, ndipo wophunzira uja amagona m'hotela m'malo mokadzukira ku London. Ndalama ya hotelayo imatuluka m'thumba la kampani ya ndege, imene mwina sinalakwe kalikonse.

Ubale wathu ndi Addis Ababa sungothera pa ndege yamasanayo. Air Malawi itagwa mu 2013, boma linagwirizana ndi Ethiopian Airlines kukhazikitsa kampani yatsopano, boma n'kutenga 51 peresenti, a ku Ethiopia 49 peresenti, ndipo kampaniyo, yomwe pano imatchedwa Malawi Airlines, inayamba kuuluka kumapeto kwa Januwale 2014. Ku Zambia anachitanso zofanana: Zambia Airways inadzukanso mu Disembala 2021, Ethiopian ili ndi 45 peresenti. Ku Togo kuli mnzake wina wa Ethiopian, ASKY, imene yakhala ikuuluka kuchokera ku Lomé chiyambire 2010. A Ethiopian sachita zimenezi chifukwa cha chifundo ayi. Akufuna timphambano tating'ono tosonkhanitsa anthu oti akathire m'mphambano yaikulu ija.

Atayika zonse m'nyumba imodzi

Mu 2017 boma la Ethiopia linachita chinthu chimene maiko ambiri sachita. Linatenga bungwe loyendetsa mabwalo a ndege a dzikolo n'kuliphatikiza ku gulu la makampani a Ethiopian Airlines. Kuyambira pamenepo, amene amakonza ndandanda ya maulendo ndi amene amagawa zipata ndi malo oimikapo ndege anayamba kuyankha kwa bwana mmodzi. Pa nthawiyo mkulu wa kampaniyi anali Tewolde GebreMariam, amene anaitsogolera kuyambira 2011 mpaka 2022, pomwe Mesfin Tasew analowa m'malo mwake.

Zotsatira zake zinaoneka msanga. Mu Januwale 2019 nduna yaikulu Abiy Ahmed anatsegulira nyumba yokuzidwa ya apaulendo, yotha kulandira anthu pafupifupi 22 miliyoni pachaka. Nthawi yomweyo anatsegulanso hotela ya kampaniyi, Skylight, kufupi ndi bwalo, kuti amene ndege yawasiya kapena akudikira mpaka m'mawa azigona pakhomo pomwepo. Miyezi iwiri izi zisanachitike, boma linali litalola kuti nzika za maiko onse a mu Africa zizitengera viza pabwalo pofika. Nkhani ya viza si ya kampani ya ndege, sinso ya bwalo, koma popanda iyo ntchito ya awiriwo imalemera. Chakumapeto kwa 2018 Addis Ababa anali atadutsa Dubai pokhala khomo lalikulu la anthu ochokera kutali olowa m'maiko a kum'mwera kwa Sahara. M'chaka cha zachuma cha 2023/24 kampaniyi inanyamula anthu opitirira 17 miliyoni n'kupeza ndalama zokwana madola pafupifupi 7 biliyoni.

Mliri wa Covid-19 utatseka malire mu 2020, phindu lina la kukhala m'nyumba imodzi linaonekera poyera. Apaulendo atatha, kampaniyi inazula mipando m'ndege zina n'kuyamba kunyamula katundu, mamasiki, mankhwala ndi maluwa, pogwiritsa ntchito nyumba yake yaikulu ya katundu yomwe inatsegulidwa ku Bole mu 2017. Panalibe zoti akapemphe kaye chilolezo kwa mwini bwalo amene naye akulira ndalama zake.

Munthu angafulumire kunena kuti basi yankho lapezeka, aliyense aphatikize bwalo ndi kampani. Ine sindikuona choncho. Bwalo la ndege ndi khomo la dziko, ndipo pakhomopo pamadutsanso opikisana naye mwini nyumba. Ngati amene akugawa zipata, nthawi zoterera ndi mitengo ndi yemweyo amene ukulimbirana naye okwera, ungagone tulo? Ku Ethiopia zinatheka chifukwa zonse ndi za boma, kampani imodzi ndiyo imanyamula anthu ochuluka zedi odutsa pabwalopo, ndipo kwa zaka zambiri, ngakhale m'nthawi ya ulamuliro wa asilikali wa Derg, andale anaisiya kampaniyi kuti iziyendetsedwa ngati bizinesi. Chachitatuchi n'chimene chimasowa kwina konse.

A ku Kenya anayesa kutengera. Mu 2018 Kenya Airways, itamira m'ngongole, inapempha kuti ipatsidwe bwalo la Jomo Kenyatta iziliyendetsa kwa zaka 30. Ogwira ntchito pabwalo anakana, mu Malichi 2019 ananyanyala ntchito mpaka apaulendo mazanamazana kusowa mtengo wogwira, ndipo komiti ya nyumba ya malamulo inaikana mfundoyo. Anthu ambiri anaona kuti bwalo, lomwe linkapanga phindu, likufuna kusenzetsedwa ngongole za kampani yodwala. Chodabwitsa n'chakuti awiri omwewa anali atangogwirira limodzi ntchito yooneka: kukonza chitetezo ndi kulekanitsa ofika ndi onyamuka pabwalolo mpaka a ku America anakhutira, ndipo mu Okutobala 2018 ndege yoyamba ya Kenya Airways inauluka kuchoka ku Nairobi mpaka ku New York osaima pena. Pamenepo sipanafunike kuphatikiza makampani. Panangofunika kuti onse adziwe chimene akufuna ndi tsiku lake.

Wotchi imodzi

Ku Ulaya, kumene mabwalo ambiri ndi makampani oima paokha, anapeza njira ina. Kale aliyense ankasunga zake: a kampani ya ndege akudziwa kuti achedwa ndi mphindi 25 koma osauza a kunsanja poopa kutaya malo pamzere, a kunsanja akusungira malo ndege yomwe sinatseke n'chitseko chomwe, a mabasi atayima pachipata cholakwika. Mu 2007 bwalo la Munich ku Germany linakhala loyamba kutsatira mokwanira ndondomeko yotchedwa A-CDM. Mfundo yake ndi yosavuta mpaka kuchititsa manyazi: pa ndege iliyonse pakhale nthawi imodzi yoti idzakhala yokonzeka kusuntha, nthawiyo ilembedwe pamalo amodzi, aliyense aziiona, ndipo ikasintha wosinthayo anene nthawi yomweyo. Ndege imadikira pachipata injini zili zozimitsa m'malo mokatentha mafuta pamzere. Mabwalo ambiri akuluakulu a ku Ulaya atengera njirayi, ndipo yafalikira ku Asia ndi kwina.

Zikwama nazo anazipangira pangano. Kuyambira mu Juni 2018, makampani a m'bungwe la IATA akuyenera kulemba chikwama chilichonse pamalo anayi: pochilandira kwa mwini wake, pochikweza m'ndege, pochisamutsira m'ndege ina, ndi pochibweza kwa mwini. Gawo lalikulu la zikwama zosokera limasokera posamutsa paja. Koma lamuloli ndi la makampani a ndege, pamene malamba ndi makina owerenga zizindikiro nthawi zambiri ndi a bwalo. Wina sangalikwaniritse popanda mnzake.

Zikalakwika zimalakwika moonetsa. Pa 27 Malichi 2008 bwalo la Heathrow ku London linatsegula nyumba yatsopano, Terminal 5, yomwe inadya mapaundi opitirira 4 biliyoni, yomangidwira British Airways. Tsiku loyamba lomwelo antchito anavutika kupeza poimika magalimoto awo, anachedwa pachipata chounikira antchito, ena makompyuta a zikwama anawakana. Pofika madzulo malamba anali atadzaza. M'masiku otsatira maulendo pafupifupi 500 analephereka ndipo zikwama zoposa 20,000 zinasiyana ndi eni ake. Aphungu atafufuza anapeza kuti kampani ya ndege ndi eni bwalo sanakonzekere limodzi mokwanira, ndipo antchito sanazolowetsedwe nyumbayo. Phunziro linalowa: potsegula Terminal 2 mu Juni 2014, tsiku loyamba munalowa kampani imodzi yokha, United, ndipo ena anasamukiramo pang'onopang'ono kwa miyezi ingapo.

Pamabwalo othinana ngati Heathrow, ngakhale mphindi yoterera ndi katundu wogulitsa. Mpata uliwonse wotera kapena kunyamuka umagawidwa ndi ofesi yoima payokha, motsatira malamulo amene mabungwe a makampani a ndege, a mabwalo ndi a ogawa mipatawo anagwirizana. Kampani ikagwiritsa ntchito mpata wake kosachepera 80 peresenti ya nthawi m'nyengo imodzi, imausunga chaka chamawa, ikalephera imaulandidwa. Mu 2016 Oman Air inalipira madola 75 miliyoni kugula mpata umodzi wotera m'mawa ndi umodzi wonyamukira. Ife kuno vuto limenelo tilibe. Mipata ili mbwee, osowa ndi oteramo.

Pa ndalama pokha ndiye mabwalo ndi makampani a ndege sadzamvana mpaka kalekale. Bwalo limalipiritsa ndege potera, molingana ndi kulemera kwake, limalipiritsa poimika, ndipo pa tikiti iliyonse pali kandalama ka bwalo ndi misonkho ya boma. Makampani a ndege amati mitengoyi ndi yokwera, makamaka mu Africa, ndipo imathamangitsa okwera. Eni mabwalo amati msewu wa ndege sukonzedwa ndi mapemphero. Mabwalo ochenjera amapeza gawo lalikulu la ndalama zawo m'mashopu, m'malo odyera, m'malo oimika magalimoto ndi lendi, kotero amatha kutsitsira kampani yatsopano mtengo kwa chaka chimodzi kapena ziwiri kuti iyese njira yatsopano. Bwalo lolandira ndege zochepa pa tsiku lilibe mwayi umenewo. Limakweza mitengo kuti lipeze zolipira antchito, mitengo ikakwera tikiti imadula, okwera amachepa, ndege zimachepanso.

Mpanda wa ku Chileka

Mu Januwale 2019, mwezi womwewo umene ku Bole ankadula riboni, South African Airways inaimitsa maulendo ake a pakati pa Johannesburg ndi Blantyre. Sikuti okwera anasowa. Oyendera a bungwe loona za ndege ku South Africa anali atafika ku Chileka n'kupeza kuti mpanda wa bwalo ndi woboola, ndiponso zida zozimitsira moto ndi zopulumutsira anthu pangozi sizinali zokwanira. Kampani ya ndege imayankha kwa oyang'anira a kwawo, ndipo iwo akati bwalo lakuti silikukwana, ndege siyipita, kaya matikiti agulidwa kale.

Malamulo ake si achinsinsi. Bungwe la ICAO, lomwe linabadwa m'pangano la ku Chicago la 1944, limaika mabwalo m'magulu kuyambira 1 mpaka 10 potengera kutalika ndi kunenepa kwa ndege zoteramo. Gulu lililonse lili ndi muyezo wa madzi, thovu ndi magalimoto ozimitsira moto oyenera kukhalapo. Boeing 737-800 ili m'gulu la 7, Airbus A380 m'gulu la 10. Ozimitsa moto ayenera kufika paliponse pamsewu wa ndege mphindi zitatu zisanathe. Galimoto imodzi ikakhala pamiyala kudikira sipeya, gulu la bwalo limatsika tsiku lomwelo, ndipo ndege imene dzulo inkatera lero singatere. Mpanda nawo si wokongoletsa: mbuzi, galu kapena munthu wodula njira ndi njinga yake akakumana ndi ndege yothamanga makilomita oposa 200 pa ola, nkhani yake imakhala ya maliro.

Chaka chomwecho msewu waukulu wa ku Chileka unatsekedwa kwa miyezi kuti ukonzedwe, ndipo ndege zikuluzikulu zinkathera ku Lilongwe. Amalonda a mu Blantyre, mzinda umene timautcha wa zamalonda, ankayamba ayenda ulendo wa maola anayi kapena asanu pamsewu, kapena kukwera kandege kakang'ono, asanayambe ulendo weniweni. Mu 2019 momwemo ku Lumbadzi kunatha ntchito yokuza nyumba ya apaulendo ndi thandizo la dziko la Japan, pabwalo limene linayamba kugwira ntchito mu 1983 ndipo kale linkalandira ndege za British Airways ndi KLM kuchokera ku Ulaya. Nyumbayo inafunikadi. Koma kampani ya ndege ikamaganiza zobwera, mafunso ake oyamba sakhala a matailosi. Imafunsa za ozimitsa moto, za nyali za pamsewu usiku, za mafuta ngati amapezeka tsiku lililonse ndiponso pa mtengo wanji, ndi ngati ndalama za matikiti ogulitsidwa m'makwacha idzatha kuzisintha n'kuzitumiza kwawo. Funso lomalizali latipweteka m'zaka zaposachedwapa, pomwe kusowa kwa ndalama zakunja kunachititsa makampani ena kuchepetsa kagulitsidwe ka matikiti m'dziko muno. Limeneli woyang'anira bwalo sangalithetse, ndi la ku Reserve Bank ndi ku Capital Hill, koma ndege zikachepa woyamba kuumva ululu ndi iyeyo.

Mafuta si vuto la osauka okha. Mu 2022 madzi osefukira ataononga njanji ku KwaZulu-Natal, bwalo la OR Tambo ku Johannesburg linaperewera mafuta a ndege, mpaka makampani ena ankachita kukamwetsa ndege zawo kumabwalo ena.

Tikamamva malonjezo a mabwalo atsopano, kaya ku Mzuzu kaya kunyanja, ndi bwino kukumbukira za Mattala ku Sri Lanka. Bwalo limenelo linatsegulidwa mu 2013, lomangidwa ndi ngongole ya ku China m'dera la kwawo kwa pulezidenti wa nthawiyo, Mahinda Rajapaksa. Msewu wake unali wotha kulandira ndege yaikulu iliyonse. Makampani ochepa amene anayesa kuteramo anachoka mmodzimmodzi chifukwa kunalibe okwera, ndipo mu 2015 nyumba zake zina za katundu zinasanduka nkhokwe zosungiramo mpunga. Zikuoneka ngati palibe amene anayamba wafunsa eni ndege ngati akufuna kupita kumeneko.

Kutsikira ku Bishoftu

Bole nayo yafika pothera nzeru. Mzinda waizinga mbali zonse, moti pokuzira palibe. Vuto lina ndi lachilengedwe: bwaloli lili pamtunda wa mamita opitirira 2,300 kuchokera pamene pali nyanja yamchere. Kumtunda kotero mpweya ndi wopepuka, injini sizikoka mokwanira, mapiko sanyamula mokwanira, choncho ndege singanyamuke itadzaza anthu, katundu ndi mafuta onse a ulendo wautali. N'chifukwa chake kwa zaka zambiri ndege zopita ku Washington kapena ku Toronto zakhala zikuima panjira, ku Rome kapena ku Dublin, kuti zimwe mafuta, pamene pobwerera zimangobwera osaima. Kuima kumeneko ndi ndalama, ndiponso ndi maola a wapaulendo.

Yankho lawo ndi bwalo latsopano kufupi ndi tauni ya Bishoftu, makilomita pafupifupi 40 kum'mwera chakum'mawa kwa Addis Ababa, pamalo otsikirapo ndi mamita mazana angapo. Mapulani ake akunena za anthu 60 miliyoni pachaka m'gawo loyamba, ndi 110 miliyoni likadzatha lonse. Mwini ntchitoyo ndi gulu la Ethiopian Airlines lomwelo, ndipo African Development Bank ikuthandiza kusonkhanitsa ndalama zake, zomwe ndi mabiliyoni angapo a madola. Monga zinalili mu 1962, ndege zodzateramo zinaodedwa kale ku Boeing ndi ku Airbus.

Mafunso ovuta alipo. Pali nkhani ya mabanja a alimi a pamalopo, kusamutsidwa kwawo ndi kulipidwa mwachilungamo. Pafunika njanji kapena msewu wachangu wolumikiza bwalo ndi mzinda. Ngongole yake idzakhala pamsana pa kampani imodzi, m'dziko limene laona nkhondo yapachiweniweni posachedwapa, ndipo a Qatar Airways, amene mu 2019 anagwirizana zotenga 60 peresenti ya bwalo latsopano la Bugesera ku Rwanda, akufunanso anthu omwewo a ku Lusaka, Lubumbashi ndi Lilongwe. Ngati mabwalo awiri onsewa adzatha kumangidwa, wa geni wa ku Area 25 adzakhala ndi posankha podutsira popita ku Guangzhou, ndipo makampani awiriwo adzayamba kulimbirana ola labwino lonyamukira ku Lumbadzi.